Wailesi Yomva Koma Yosayankhula

A Venancio anabadwira ku Moatize, m'nyumba za anthu ogwira ntchito ku njanji, ndipo bambo awo ankafuna kuti adzakhale woyendetsa sitima. Sizinatheke, chifukwa mwanayo anabadwa ndi matenda otsegula zinthu. Wotchi ya pakhoma anaitsegula, tochi ya amalume ake anaitsegula, ndipo tsiku lomwe anatsegula wailesi ya wansembe n'kuibweza ikulira bwino kuposa kale, akubanja anagwirizana zongomusiya poti sangachire. Atakula analowa ntchito ku njanji komweko, yokonza mawailesi omwe masitesheni ankalankhulirana. Anakwatira Orlanda, telala wa manja abwino, mkazi wosaseka nthabwala asanaimvetse mpaka kumapeto.

Mu 1986 nkhondo inafika pakhomo. Awiriwa anakwera lole yopita ku Zobue, kumalire, koma loleyo siinafike. Pamlatho wina mfuti zinalira, anthu n'kubalalikira m'tchire. A Venancio anathawira kumanzere kwa msewu, Orlanda kumanja, ndipo nkhani yonse ya kusiyana kwawo ndi imeneyo. Anafunafuna masiku atatu, kenako anatsatira anthu ena n'kutulukira ku Mwanza ali ndi malaya apathupi ndi sikuludiraiva m'thumba. Anayenda m'misasa ya othawa kwawo, kuwerenga mayina omata pamitengo ndi pamakoma mpaka maso kuwawa. Ma Orlanda anawapeza anayi, koma onse anali a eni ake.

Chaka chotsatira, a Venancio ali pamsika wa pa Boma kukonza mawailesi a anthu pamphasa, panaima bambo wina wovala tayi dzuwa likuswa mtengo. Ameneyu anali a Kinsley, omwe anali atangosiya ntchito ku Blantyre n'kutsegula kampani yotchedwa Mlongoti. Iwo anali ataona chinthu chomwe ena sanachione: mabungwe othandiza othawa kwawo anali akuchulukirachulukira, foni kumisasa kunalibe, ndipo aliyense ankafuna wailesi ya ova-ova ndi sola yake. Kampaniyo panthawiyo inali kachipinda kuseri kwa okonza matayala, pikapu imodzi, ndi dalaivala wake, a Timoti. Chosowa chinali munthu wodziwa mawailesi, chifukwa a Kinsley ankangodziwa kugulitsa kwake.

Vuto linali lakuti wothawa kwawo analibe chilolezo chogwira ntchito.

"Dzina lanulo ndi lalitali, komanso likununkha malire," anatero a Kinsley. "M'mabuku mukhala a Langton."

"A Langton ndani?"

"Anali amalume anga. Sakuligwiritsanso ntchito."

A Venancio anavomera, ndipo chomwe chinawakopa si malipiro. Pa Mlongoti panali lamulo loti wailesi iliyonse, yatsopano kapena yokonzedwa, iyesedwe pamphepo isanatuluke pakhomo. Anthu ena poyesa amangoti wani, thuu, fili. A Venancio anaona kuti kumeneko n'kuwononga mphepo. Iwo ankagwira maikolofoni n'kunena kuti, "Muno ndi ku Mlongoti, Mwanza, tikuyesa. Amene akudziwa Orlanda wa ku Moatize, telala, amuuze kuti mwamuna wake ali moyo. Ova." Dzina lawo sankalitchula, poti pamphepo pamamvera anthu ambiri, ena a mayunifolomu. Akatero ankadikira pang'ono. Kawirikawiri kunkayankha mlonda wa kumsasa wina kuti mawu akumveka bwino, nthawi zina n'kuwonjezera kuti pepani achimwene.

Ndiye kampani inakula ngati dzungu la padzala. Othawa nkhondo akamachuluka, mabungwe ankachuluka, mabungwe akachuluka, milongoti inkamera pamapiri kuyambira ku Thambani mpaka kumunsi kwa Shire. Pofika 1989 Mlongoti inali itasamukira m'nyumba yamalata ya zipinda zisanu ndi chimodzi, antchito ali makumi anayi, ena sankadziwana n'komwe. Palibe amene ankasangalala ndi kukulaku kuposa a Venancio. Wailesi iliyonse yogulitsidwa inali khutu lina lowonjezera, ndipo iwo ankagwira ntchito ngati kampaniyo ndi ya bambo awo. Anzawo ankawanena kuti akufuna kukwezedwa.

Chaka chomwecho a Kinsley anapita ku Harare kukachita kosi ya masabata awiri, ndipo anabwerako atadwala chikhalidwe cha pakampani. Lolemba lililonse kunkakhala msonkhano wochita choimirira, ati munthu akakhala pansi nzeru zimathawira kumatako. Aliyense analandira sikipa yobiriwira yolembedwa kumsana kuti Banja Limodzi. Maudindo anagawidwa ngati mbatata yokolola: a Timoti anakhala Manijala wa za Mayendedwe, akuyendetsa pikapu yomwe ija, ndipo mayi wophika tiyi anakhala Woyang'anira Umoyo wa Antchito. Lamulo lovuta koposa linali loti pasapezekenso woitana mnzake ndi "a", kapena kunena kuti bwana.

"Pano palibe wamkulu, palibe wamng'ono," ankatero, kiyi wa chimbudzi chawochawo akulendewera palamba. "Ine ndine Kinsley basi."

A Venancio anayesa kawiri, lilime linakana. Munthu amene anakutola pamphasa sungamuitane ngati mwana woti umutume madzi. Choncho kwa zaka ziwiri sanawaitane ndi dzina lililonse. Akafuna kulankhula nawo ankaima pakhomo n'kutsokomola, mpaka a Kinsley anawagulira mankhwala a chifuwa.

Kenako kunabwera kompyuta, yoyamba yomwe anthu ambiri pa Boma anaiona. Inali ndi chipinda chake, fani yake ndi nsalu yofunda, zinthu zomwe antchito ena analibe. Inabwera ndi Iness, mtsikana wa ku Zomba wa zala zachangu, amene ankasamaliranso makalata. Kuyambira pamenepo makasitomala anasiya kukhala ndi mayina n'kukhala manambala. Wailesi ikawonongeka, mwini wake ankadzaza fomu n'kuitumiza pa positi kapena pa lole ya ufa. Iness ankalowetsa nambala ya sitesheni ndi nambala ya vuto. Ngati kompyuta yanena kuti vutolo ikulidziwa kale, iye ankadinda kuti YABWEREZEDWA n'kuponya fomuyo m'katoni. Kompyuta ndiyo inkasankha koti anthu apite, ndipo a Kinsley anali ataiphunzitsa kuti ntchito yoika wailesi yatsopano izikhala patsogolo pa ntchito yokonza yakale, poti kampani ikukula. Zatsopanozo sizinkatha. Mawailesi omwe eni ake ankatha kuwanyamula n'kubwera nawo okha ndiwo ankakonzedwa, a kutali ankadikira.

Zonsezi a Venancio sizinkawakhudza. Iwo anali ndi benchi lawo kuchipinda chakumbuyo, chitsulo chowotcherera mawaya, ndi mawu awo omwe ankanena mwina kakhumi patsiku. Amene anagwira nawo ntchito amakumbukirabe kuti pa nkhomaliro ankadya chinangwa chootcha ataimirira, khutu lili ku wailesi, kuopa kuti yankho lingabwere iwo ali pamsika.

Mu Febuluwale 1991 a Kinsley anabwera kuchokera ku Blantyre ndi kabokosi kakuda kokhala ndi singano kutsogolo. Pamsonkhano wa Lolemba anafotokoza kuti kabokosika ukakalumikiza ku wailesi, kamameza mawu onse m'kati mwake, singano n'kuonetsa mphamvu yake. Kuyesa pamphepo kunatha kuyambira tsiku limenelo. Makampani akuluakulu, ati, sasokosera makasitomala. Anthu anaomba m'manja chifukwa miyendo inali itatopa.

Msonkhano utatha a Venancio anakatsokomola pakhomo la ofesi.

"Ndikudziwa, Langton," anatero a Kinsley osawayang'ana. "Inenso zimandimvetsa chisoni. Koma masitesheni tsopano apitirira handiredi. Mzungu wa bungwe lina wadandaula kuti akamafuna kuitanitsa mankhwala amapeza inu mukufuna mkazi."

"Mundilole kamodzi kokha patsiku."

"Ndikalola inu, mawa Timoti azifunirapo mbuzi yake yosowa. Zaka zinayi, Langton. Akanakhala kuti akumva, bwenzi atayankha."

Mawu amenewa ndiwo anawapweteka, chifukwa iwonso anali atayamba kuwaganiza okha. Anabwerera ku benchi, ndipo poti anali munthu womvera malamulo, analumikiza kabokosi kaja. Koma wani, thuu, fili sanamuphunzire. Ankanenabe mawu awo omwe aja, onse mpaka ova, singano n'kugwedezeka kusonyeza kuti wailesi ili bwino. Ankadziwa bwino lomwe, kuposa wina aliyense m'nyumbamo, kuti mawuwo sakutuluka ngakhale pawindo. Miyezi imeneyo anaonda, ndipo ntchito yomwe ankaikonda inayamba kuwanyansa.

Mu Okutobala a Kinsley analengeza Mwezi Wosamala Zipangizo. Mwa zina, pepala lililonse linayenera kugwira ntchito mbali zonse ziwiri. Makatoni a mafomu obwerezedwa anatulutsidwa m'chipinda cha kompyuta n'kugawidwa, kuti anthu azilemba kumbuyo kwake. A Venancio analandira katoni imodzi yoti azijambulirapo kayendedwe ka mawaya.

Lachitatu lina chakum'mawa anatenga fomu, n'kuitembenuza, n'kupeza kuti wina analembapo kale. Anatsala pang'ono kuitaya, koma diso linagwera pa dzina. Fomuyo inali ya Sitesheni 14, kachipatala ka kumsasa wina kumunsi kwa Shire, ndipo wolemba anali namwino wotchedwa Esime, mu Ogasiti 1990.

"Tikulembanso. Wailesi yathu imamva koma siyankhula kuyambira Meyi. Komanso mayi Orlanda omwe mumawaitana anafika kuno mu Juni ndipo amakumvani tsiku lililonse. Mwendo umodzi unaduka ndi bomba lokwirira, sangathe ulendo. Tinalembera kalata a Venancio pa adiresi yanu koma inabwerera, ati kulibe munthu wotero."

A Venancio anazimitsa kaye chitsulo chowotcherera, chifukwa ngakhale pa zoterezi sanali munthu wosiya moto. Kenako anakhuthulira katoni yonse pansi. Za Sitesheni 14 anapezamo zina ziwiri. Ya mu Disembala inkangoti mayi aja akadalipo, amasoka pakhonde pafupi ndi windo la wailesi. Ya mu Juni 1991 inali yaifupi: "Mawu aja anasiya mu Febuluwale. Mayiwa akufunsa ngati munthuyo anamwalira. Tiuzeni zoona, asamangodikira." Kutsogolo kwa zonse zitatu kunali chidindo chooneka bwino, chosapendekera.

Analowa m'chipinda cha kompyuta osavula nsapato, zomwe zinali zoletsedwa. Anaika mafomu patebulo chagada. Iness anawerenga, dzanja lili pakamwa.

"Kumbuyo sindiyang'anako," anatero. "Mu kompyuta mulibe malo a zakumbuyo." Anawerenganso. "Kalata ija ndikuikumbukira. Ndinafunsa ofesi yonse, ndinayang'ananso pa mndandanda wa antchito. A Venancio ndi ndani?"

"Ndine."

Iness sanali munthu woipa. Ntchito yomwe anapatsidwa ankaichita bwino kwambiri, ndipo vuto linali lomwelo. Analira pang'ono, akusamala kuti misozi isagwere pa mabatani, kenako anafunsa kompyuta za Sitesheni 14. Kompyuta inayankha kuti ikudziwa, ndipo kuti sitesheniyo ili pa nambala 58 pamzere wa zokonza. Popanda pepala la ntchito lochokera mu kompyutamo, mlonda sankatsegula geti, ndipo wothawa kwawo wopanda pepala sakanadutsa pa rodibuloko.

A Kinsley anali ndi alendo, koma ulendo uno a Venancio sanatsokomole. Anangolowa n'kuika mafomu pamwamba pa mabisiketi. A Kinsley anawerenga atatu onse, mpaka makutu anawatentha. Anapepesa alendo, n'kupita okha kwa Iness kukamuuza kuti aike Sitesheni 14 patsogolo. Iness anayesa, kompyuta inakana, poti yokonza singadumphe yatsopano. Lamulolo anaika ndi a Kinsley, koma mzungu amene anabwera ndi kompyutayo, yekhayo wodziwa kulichotsa, anali atabwerera kwawo. Mwini kampani anaima pamenepo, kukanizidwa ndi katundu wake.

"Lembani kuti akufuna yatsopano," anatero pomaliza.

"Sanapemphe yatsopano."

"Ndawapatsa ine. Lembani."

Kompyuta inavomera nthawi yomweyo, n'kutulutsa pepala. A Kinsley anaperekeza a Venancio mpaka pa pikapu, akuoneka kuti akufuna kunena chinachake chachikulu, koma za mtundu umenewu ku Harare sanaphunzitse. Anangoti ayende bwino, n'kuwatsekera chitseko.

Ananyamuka m'mawa mwake ndi a Timoti, wailesi yatsopano ili kumbuyo m'katoni yake. Anatsika mapiri kulowa m'chigwa, komwe kutentha kumachita kukukhala pamapewa. A Timoti, omwe nthawi zonse ankalankhula kuyambira pa geti mpaka pofika, tsiku limenelo anangofunsa kamodzi ngati anzawo akufuna madzi. A Venancio ankachita mantha. Kuchokera mu Juni inali itapita miyezi inayi, ndipo m'misasa miyezi inayi imakwana kuti munthu asamutsidwe, adwale, kapena aikidwe m'manda.

Anafika dzuwa litapendeka. Kachipatalako kanali ka zipinda zitatu, mlongoti wa kampani uli chilili padenga. Namwino wamfupi wotopa anatuluka, n'kuyang'ana sikipa zobiriwirazo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Mlongoti," anatero. "Mwafulumira."

"Ndinu a Esime? Ine ndine Venancio."

Zomwe namwinoyo anakonza kuti adzawauze a kampani tsiku lomwe adzabwere zinaoneka kuti zamuthawa. Anangoloza kuseri.

Pakhonde lakuseri panali mayi atakhala pamphasa, akupukusa makina osokera a pamanja, ndodo ziwiri zitatsamira khoma. Anali atavala duku lakuda, ndipo m'mphepete mwa dukulo munkaoneka tsitsi lalifupi longomera kumene. Anali wochepa thupi kuposa momwe a Venancio ankamukumbukirira. Anamaliza kaye msoko womwe anali nawo, n'kudula ulusi ndi mano, kenako n'kukweza maso.

A Venancio anali atanena mawu okhudza mkazi ameneyu kambirimbiri, koma oti anene kwa iye mwini analibe. Anakhala pansi pamphepete pa mphasa.

"Mwakalamba," anatero Orlanda.

"Eya."

"Maliro anu tinalira mu Julayi. Ndinameta."

"Anthu anabwera?"

"Ochepa. Sankakudziwani. Anamwinowa anagula shuga." Anasalaza nsalu yomwe ankasoka, ngakhale inali yosalala kale. "Ndakulirani kawiri. Koyamba kuja ndinalibe nthawi, ndinali ndi mwendo. Kachiwirika ndiye kanandipweteka, chifukwa ndinali nditazolowera. Ndinkadziwa kuti mwadzuka, mwafika kuntchito, mwayamba. Mukakhala ndi chimfine ndinkadziwa. Ndinkakuyankhani pawindopo, anthu n'kumandiseka." Anawayang'ana kumaso. "Munasiyiranji?"

A Venancio anafunafuna yankho loyenera funso limenelo, koma lomwe linalipo linali limodzi.

"Kunabwera kabokosi."

Orlanda anadikira kuti amve ngati pali zina. Panalibe. Anagwira dzanja la mwamuna wake, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana zipsera za moto pazala, ndipo sanalisiye. Anakhala choncho mpaka mthunzi wa khonde unafika pa ndodo zija. A Timoti, omwe anali atatsitsa katoni, anaibwezanso m'galimoto n'kupita kukayang'ana matayala omwe analibe vuto.

"Pitani mukawakonzere wailesi ija," anatero Orlanda pambuyo pake. "Avutika nayo chaka ndi miyezi. Odwala awiri anafera pano ambulansi isanaitanidwe."

A Venancio analowa m'kachipinda ka wailesi, Esime ali pambuyo. Wailesiyo inali yopukutidwa bwino, itafunditsidwa kansalu kosokedwa mwaluso. Anaiyatsa, inamva. Anadina batani la maikolofoni, siinayankhule. Asanatsegule wailesi yeniyeniyo anamasula kaye tizitsulo tiwiri ta maikolofoni, monga amachitira aliyense wodziwa ntchito, ndipo vuto linali pomwepo. Kawaya kamodzi, kochepa ngati ulusi, kanali katachoka pamalo pake. Anatenthetsa chitsulo n'kukabwezera. Madzi a tiyi omwe Esime anateleka pofika alendo anali asanawire n'komwe.

"Yatheka?" anafunsa Esime. "Chinali chiyani?"

A Venancio anakhala pa mpando wa namwino, maikolofoni ili m'manja, n'kulira ngati mwana, mapewa akugwedezeka. Esime anawasiya alire. Kenako anawalanda maikolofoniyo mwaulemu, chifukwa m'chipinda china munali mayi woyembekezera amene ankafunika galimoto.